Msoko wa Dzanja Lamanzere

M'mawa uliwonse, dzuwa likangosuzumira pamwamba pa khola la mbuzi, Amisiri ankayala chiguduli pansi pa mtengo wa mango. Pachigudulipo ankandandalika nyundo, sizasi yodulira malata ndi kachidutswa ka njanji kokhomerapo. Akatero ankatenga ndowa, n'kulowetsamo mutu, n'kuiloza kudzuwa. Pamene palowa kuwala, bowo lili pamenepo.

Mpongozi wawo, make Kamphuno, ankaona zonsezi ali pakhonde akutsuka mbale, mwana ali kumbuyo. Anali asanazolowere pakhomopo, ndipo anali wamanyazi moti moni ankayankha akuyang'ana zala zakumapazi. Koma maso ake sankaphonya kanthu.

Chilimwe ndiye inali nyengo ya Amisiri. Chitsime chapafupi chikauma, madzi ankatungidwa kutali, ndipo ndowa yodontha inkafika pakhomo ili theka. Choncho dzuwa likakwera, pansi pa mangowo pankadzaza ndowa, mabeseni ndi maketulo, eni ake atakhala pamizu. Nyenje zinkalira osapuma, nkhuku zili kukamwa yasa ndi kutentha, ana akugenda mango osapsa n'kumakalipiridwa. Ena ankabwera ndi ndowa yabwinobwino, bola apezerepo pochezera.

Woyamba kufika ankakhala mayi a nyumba yoyandikana, amene aliyense ankawatchula kuti a Wailesi chifukwa pakamwa pawo sipankazima.

"Amisiri, ndowa ija yayambanso kundikodzera pamutu!"

"Nanga si mumaikhalira! Ndowa si mpando, mayi."

"Mwakalamba ndinu, musanamizire matako anga."

Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, Amisiri nawo akupukusa mutu, nyundo ikulira.

Koma chaka chimenecho mawu a a Wailesi anasanduka oona. Maso a Amisiri anayamba kuchita nkhungu. Ankalozabe ndowa kudzuwa, koma timabowo ting'onoting'ono sankationanso, ndipo chigamba ankachikhoma pambali pa bowo. Palibe amene ankawauza. Anthu ankathokoza, n'kukamata ndi sopo kunyumba. Kenako ena anayamba kuzembera kwa wokhoma ndowa wa kumsika, ndipo pansi pa mango pankachepa anthu.

"Kodi chaka chino ndowa sizikubooka?" Amisiri anafunsa tsiku lina, osafunsa munthu kwenikweni.

Make Kamphuno funsolo linamubaya. Ankaona mmene mbale ya apongozi ake inkabwerera isanathe, ndi mmene ankakhalira okhaokha, nyundo ili pamwendo, akutembenuka nthawi iliyonse akamva mapazi panjira. Anadziwa kuti pamangopo pakapanda anthu, nawonso atha.

Masana ena, Amisiri atagona, make Kamphuno analondola a Wailesi kuseri kwa nyumba ya mayiwo.

"Mayi, tandipatsaniko ndowa ija ndiyesere."

"Iwe? Pakamwa ulibe, ndiye manja uli nawo?"

Make Kamphuno anali ndi kanyundo kakale ka mwamuna wake, ndipo m'malo mwa njanji anakhomera pamwala. Zonse anali ataziona ali pakhonde: kudula chigamba, kupinda m'mbali, kumenya pang'onopang'ono mozungulira. Atathiramo madzi, ndowa inangoti chete, osadontha.

A Wailesi anaulutsa nkhaniyo monong'ona khomo ndi khomo: ndowa izipita kaye kwa Amisiri, ikachoka kumeneko izidzera kuseri kwanga kuti make Kamphuno aikhomenso. Anthu anabwerera pamizu paja. Macheza anayambiranso, mbale inayambanso kubwerera yopanda kanthu, ndipo Amisiri ankanyadira kuti chaka chino palibe ndowa yobwerera kawiri.

Imene inabwerera ndi ya a Wailesi omwewo, itathothoka chogwirira. Amisiri anaitembenuza mwachizolowezi, n'kuyendetsa chala pansi pake. Chalacho chinaima. Chinabwerera, n'kuyendanso.

"Msoko uwu si wanga," anatero. "Wapindidwira kumanzere. Pakhomo pano wogwira mpeni ndi dzanja lamanzere alipo mmodzi."

Ngakhale a Wailesi anazima. Make Kamphuno, ali pakhonde, anasowa poyang'ana.

"Ndiye nyundo imalira masana ija ndi imeneyi? Ine ndimati ndikulota ndili mnyamata." Amisiri anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Msoko ndi wabwino, amake Kamphuno. Kungoti mumamenya ngati mukupha njoka."

Tsiku limenelo anakulunga chiguduli dzuwa lisanapendeke. M'mawa mwake sichinatuluke, ngakhale mkuja wake. Ankangogona m'nyumba, nkhope kukhoma, ndipo mitambo itayamba kusonkhana anagwidwa ndi chifuwa. Make Kamphuno ankawapatsa madzi ali chogwada. Nyundo sanaigwirenso. Ndowa za anthu zinaunjikana pansi pa mango, palibe wolimba mtima kuzichotsa.

Mvula yoyamba Amisiri sanaione, inagwa atatisiya kale. Koma kutatsala pang'ono, m'mawa wina kukutentha kale, anauza mwana wawo, bambo ake a Kamphuno, kuti awanyamule akawagoneke pamkeka pamthunzi paja. A Wailesi anafika, ena nawo anabwera, n'kukhala pamizu. Amisiri anapapasa mpaka anakhudza ndowa imodzi, n'kuigogoda ndi chala.

"Zonsezi zikudikira ndani?"

Kenako anatembenukira kukhonde.

"Amake Kamphuno ali kuti?"

"Ndili pano, bambo."

"Sendererani kuno, ine sindiluma. Katengeni chiguduli, muyale pano. Njanjiyo ndi yolemera, mwamuna wanuyo anyamule, asamangoima ngati mtengo."

Zonse zitayalidwa, anapuma nthawi yaitali, maso ali otseka. Chimene ananena pambuyo pake ndicho chinali chomaliza kupempha.

"Zokakhomera kuseri kwa eni ake ngati wakuba zithe. Khomani pompano, pafupi ndi khutu langa, ndizimva."