Theka la Ola ndi Bambo Anga ku Joni

Ndinanyamuka ku Rugare, komboni yathu ya anthu a njanji, Lachinayi m'mawa. Sutikesi yanga sinatulukire pa geti. Inadumpha mpanda wa kuseri.

Ndili ndi zaka 67. Ndagwira ntchito ya njanji mpaka penshoni, koma kunja kwa dziko lino ndinali ndisanapondeko. Bambo anga, a Yohane Chisale, anachoka kwawo ku Ntcheu, nakhala muno m'dziko la olankhula Chishona zaka zochepa, kenako anapitirira ku migodi ya ku Joni ine ndili kumsana. Anatchona. Kalata ayi. Chithunzi ayi. Mayi anamwalira osawaonanso.

Mwana wanga Esinati amagwira ntchito ku Joniko, yosamalira okalamba. Iye ndi amene anafufuza. Anapeza nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene imasunga makhadi a anthu a m'migodi. Khadi lina lili ndi dzina la bambo, ndiponso chithunzi. Koma makhadiwo sakhala poyera. Amaonetsa mwana wake wa mwini khadi, abwere yekha ndi pasipoti. Umayamba walembetsa, iwo n'kukupatsa tsiku ndi ola. Ife tinadikira miyezi inayi. Anatipatsa Lachinayi, 3 koloko masana, theka la ola. Ukaphonya, ukayambirenso kudikira.

Esinati ankafuna ndipite Lachitatu. Ndinakana. Tikiti ya Lachinayi inali yotsikirako ndi madola makumi anayi.

"Baba, mukachedwa bwanji?"

"Munthu wa njanji sachedwa," ndinatero.

Zonse anakonza pa foni. Mkazi wanga, Naphiri, anazikopera kuseri kwa kalendala yakale. 7 koloko, galimoto ya a Zulu. Hafu pasiti 9, atseka kulandira anthu ku bwalo la ndege. Hafu pasiti 10, ndege. Ku Joni, dalaivala wonyamula chikwangwani cha dzina langa. 3 koloko, bambo.

A Zulu ndi aneba athu, makolo awo anachokera ku Chipata. Ali ndi kagalimoto kotuwa. Tinagwirizana kutatsala milungu iwiri. Mafuta tinathira Lachiwiri.

Hafu pasiti 5 ndikumeta ndevu, kunamveka mfuu. Nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Naphiri anaima pakhomo n'kumvetsera.

"Ndi kwa a Mbewe," anatero.

A Mbewe anadwala nthawi yaitali. Anali apongozi awo a Zulu.

Pasanapite nthawi a Zulu anali pa geti, atavala mapatapata osiyana.

"Achimwene, mwamva."

"Ndamva."

"Galimoto ija..."

"Ndadziwa."

Panalibe zokangana. Ankafunika kukatenga adokotala, kenako alongo awo a malemu ku Tafara. Mkamwini sangaperekeze munthu ku ndege apongozi ake ali chigonere m'nyumba.

Vuto silinali galimoto yokha. Kwathu kuno maliro akagwa mu laini yanu, suyamba ulendo usanakapepese. Ndipo sungogwira anthu dzanja n'kutembenuka. Umakhala pansi. Umachoka eni maliro akakumasula. Komanso a Mbewe ndi amene anayendetsa maliro a mayi anga, kuyambira bokosi mpaka kumanda. Ndikanangodutsa, sindikanayendanso mutu uli m'mwamba mu Rugare.

"Mukakhale pafupi ndi geti," anatero Naphiri.

Ndinavula tayi n'kuika m'thumba. Wotchi ndinavulanso. Pamaliro sayang'ana nthawi.

Ndinalowa itangopitirira 6. Pafupi ndi geti panali patadzaza kale. Anandikhazika pakati, pa benchi ya akuluakulu. Aliyense wofika ankagwira dzanja mzere wonse. Aliyense ankafunsa kuti zachitika bwanji, ndipo mwana wamkulu wa malemu ankayambiranso pachiyambi: anamwa phala, anapempha madzi, anatembenukira kukhoma. Ndinaimva nkhaniyo kasanu ndi kawiri.

Foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Esinati. Sindinaigwire. Inaleka, n'kuyambanso.

Dzuwa linafika pa denga la chimbudzi. Kenako linatsikira pakhoma. Ana a sukulu anadutsa mumsewu. Ndinadziwa kuti 7 yapita.

Ndinati ndidzuke, a Kamanga, mkulu wa mpingo, anandigwira bondo.

"A Chisale, inu ndi wa kwawo kwa malemuwa. Mutitsogolere pa za mwambo. Uthenga upite kwa yani kumudzi?"

Ndinakhalanso. Ndinayankha zimene ndikudziwa. Thukuta linkatsika kumsana. Anayambitsa nyimbo, mavesi onse asanu. Ine ndinkangosuntha milomo. M'mutu ndinkawerenga makilomita.

Amene anandipulumutsa ndi mkazi wa malemu, mayi Nankhoma. Naphiri anali atalowa kwa azimayi ndipo anawanong'oneza. Mayi Nankhoma anatuluka atafunda chitenje, mawu atasasa. Anaima patsogolo pa benchi yathu.

"A Chisale, nsapato zopolisha chonchi mwavalira malemuwa?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Si lero mukupita kwa bambo anu?"

"Ndi lero, mayi."

"Nanga pano mukufunapo chiyani? Awa mwakhala nawo zaka makumi anayi, nkhope yawo mukuidziwa. Nyamukani. Tiika Loweruka inu kulibe, ndipo palibe mlandu. Wofuna kulankhula adzalankhule ndi ine."

A Kamanga anachotsa dzanja pabondo langa. Ndinagwada pang'ono, n'kutuluka mwaulemu. Nditakhota pakona ndinatulutsa wotchi. Mphindi khumi kupitirira 8.

Ngakhale ndinamasulidwa, kudutsa ndi sutikesi pamaso pa anthu olira sikukanatheka. Ndinazungulira kanjira ka kuseri. Naphiri anakwera pa ndowa n'kuponya sutikesiyo pamwamba pa mpanda. Ndinaiwakha ndi chifuwa. Chogwirira chinaduka mbali imodzi. Anaponyanso kapepala ka mbatata yophika.

"Muyende bwino! Mukawapatse moni!"

Sindikudziwa ngati ankanena Esinati kapena bambo.

Pa siteji panali kombi imodzi, ikudikira anthu anayi. Kombi sichoka isanadzaze, zimenezo ndikudziwa kuyambira kale. Tinakhala mphindi zisanu. Palibe anabwera. Ndinatulutsa madola asanu, langa limodzi ndi a mipando inayi ija.

"Tiyeni."

Kondakitala anayang'ana ndalamazo, n'kuyang'ana ine. Anayankhula Chishona: "Mudhara, penshoni yatuluka?"

"Ndege ikundisiya."

Kombi yonse inaseka. Mayi wina wa madengu, wopita kukaoda ku Mbare Musika, anati, "Ndege amakwerera pa kombi masiku ano?" Koma ndi yemweyo anakalipira dalaivala pamene ankafuna kuima kuti atole munthu panjira. "Mipando yalipiridwa iyi! Yendetsa, sekuru akuuluka!" Sekuru ndiye agogo m'Chishona.

Cha ku mafakitale lole inali itafera pakati pa msewu. Magalimoto anali ndondondo. Dalaivala wathu anatsikira m'mbali, kudutsa m'fumbi, matayala awiri m'ngalande. Masiku ena ndikanamudzudzula. Tsiku limenelo ndinangogwira mpando.

Tinafika m'tauni kutatsala mphindi zisanu kuti ikwane 9. Takisi yoyamba inati madola makumi awiri ndi asanu. Ndinati makumi awiri. Dalaivala anayang'ana sutikesi yoduka, anayang'ana thukuta langa.

"Makumi awiri ndi asanu, baba. Inu simungakambe mtengo lero."

Ankanena zoona. Ndinakwera.

Maroboti onse anatipeza ali ofiira. Ndinawawerenga, asanu ndi limodzi. Pa roboti lachinayi ndinamuimbira Esinati.

"Baba! Ndaimba kakhumi! Muli kuti?"

"Panjira."

"Panjira pati?"

"A Mbewe amwalira."

Anangoti, "Thamangani."

Ndinalowa m'bwalo la ndege nditasenza sutikesi paphewa ngati thumba la makala. Mtsikana wa pa tebulo anatenga pasipoti, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma.

"Mukanachedwa mphindi zinayi, sekuru, bwenzi mukubwerera."

Kutsogolo anandivulitsa lamba ndi nsapato. Ndinadutsa pa makina awo nditagwira thalauza ndi dzanja limodzi, sokosi yoboola chala chili panja. Zaka zonse za njanji palibe anandivulapo lamba.

Za ndegeyo ndilibe zambiri. Imachita phokoso kuposa injini ya sitima, ndipo suona kumene ikupondapo. Makutu anatseka. Anatipatsa kabanzi ndi tiyi wa m'kapu ya pepala. Ndinadya mbatata ya Naphiri. Mzungu wa pambali panga ankangoiyang'ana. Ndinamubenthulira. Anadya.

Tinatera itangopitirira 12. Ndinaganiza kuti zovuta zatha. Mzere wodindira mapasipoti unali wopindapinda ngati wa shuga zaka zija. Ola lathunthu ndi mphindi zake. Sutikesi inatuluka yomalizira. Potuluka panja inali itatsala pang'ono kukwana 2.

Apa ndinalakwitsa ndekha. Munthu wina wamtali, wa jekete lakuda, anangofika n'kugwira sutikesi yanga. Ku Mbare munthu akagwira katundu wako usanamupatse, sufunsa dzina. Ndinakoka. Iye anakoka. Ankayankhula Chizulu, ine Chichewa. Chogwirira chotsala chija chinadukiratu. Anthu anayamba kuima. Kenako anandiika chikwangwani pamphuno. CHISALE. Ndinakanabe. Dzina aliyense atha kulemba. Anaimba foni n'kundipatsa.

"Baba, musiyeni munthuyo! Ndi dalaivala wanu, ndinamulipira kale!"

Ndinapepesa. Iye anaseka mpaka kugwira pamimba. Tinataya mphindi khumi ndi zisanu.

Msewu wa kumeneko ndi waukulu, mizere isanu mbali imodzi. Koma nawo umadzaza. Hafu pasiti 2 tinali titaima. Kutsogolo kunali ngozi. Dalaivala ankagogoda chiwongolero. Ine ndinkayang'ana kalendala ya Naphiri, ngati kuti manambala asintha.

3 koloko inakwana tili pa mlatho. Esinati anaimba.

"Ndawachonderera. Akuti adikira mphindi khumi ndi zisanu, kupitirira apo atseka bokosi. Pali ena pambuyo pathu."

Ndinamuuza dalaivala m'Chingerezi changa chochepa. Ndinati bambo anga ali uko, sindinawaonepo. Anandiyang'ana pagalasi. Sanasekenso. Anapatuka pa msewu waukulu n'kulowa tinjira ta m'kati mwa tauni, kumanzere, kumanja, pakati pa ogulitsa malonda. Anaima pa nyumba ya njerwa zofiira mphindi khumi ndi imodzi kupitirira 3.

Esinati anali pakhomo, yunifolomu ya kuntchito ili m'thupi. Moni sitinapatsane. Anandigwira dzanja n'kundikoka.

Mayi wina wa magalasi anaona pasipoti yanga, n'kutilowetsa m'chipinda chozizira, chopanda zenera. Tebulo limodzi, mipando iwiri. Anavala magolovesi oyera. Anatsegula bokosi la katoni, anatulutsa khadi n'kuliika patsogolo panga. Anati ndisaligwire.

Khadi lachikasu, kukula ngati chikhatho. Yohane Chisale. Ntcheu. Nambala. Chidindo cha chala chachikulu. Pakona, chithunzi chaching'ono kuposa bokosi la machesi.

Ndinavala magalasi.

Moyo wanga wonse ndikaganiza za bambo ndinkaona nkhalamba, wamkulu kuposa ine, wa mawu okuluwika. Pakhadipo panali mnyamata. Khosi lowonda. Malaya omukulira. Wagwira kabolodi ka nambala pachifuwa, maso ali tong'o ngati wina wangomukalipira kumene.

"Baba," Esinati ananong'ona, "makutu."

Makutu otuluka m'mbali ngati zogwirira za mphika. Esinati anagwira ake. Anayang'ana anga. Anayamba kuseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira.

Ndinapempha mayi uja atembenuze khadi. Kuseri kunalibe kanthu. Kumene anapita, kumene anafera, sakudziwa.

Ndinali ndi mawu amene ndinakonza ndili mwana, masiku amene mayi ankachapa zovala za anthu kuti tidye. Ndinkafuna kufunsa kuti munatisiyiranji. Ndinawabwereza ngakhale m'ndege. Koma funso lotero sungafunse mwana wamantha chonchija. Mdzukulu wanga wamkulu ndi wamkulu kuposa iye.

Ndinangoti, "Moni, bambo. Ndine Gibisoni. Uyu ndi Esinati. Amayi anapita."

Tinapitiriza kuyang'ana chithunzicho mpaka mayi uja anakhosomola pang'ono. Nthawi inali itatha. Pa theka la ola lija ndinapezapo mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anati kope la chithunzi adzatumiza kwa Esinati. Anatseka bokosi.

Wofuna kuyenda ulendo wotere ndimuuza zochepa. Pita dzulo lake, madola makumi anayi asakupusitse. Galimoto ya kubwalo la ndege usadalire ya mneba yokha, chifukwa mneba ali ndi abale, ndipo abale amamwalira. Munthu wa chikwangwani usalimbane naye.

Ngati ndinawakhululukira bambo, sindikudziwa. Koma kale ndikatchula dzina lawo popemphera sindinkaona kanthu. Tsopano ndimaona mnyamata wa malaya omukulira, ndipo ndimamupempherera ngati mwana wanga.