Kansomba ka Machubu a Diripi

ANyaMsiska ndi anansi athu kuno ku Chinsapo, khomo lawo layang'anizana ndi lathu. Dzina lawo ndi Kate, koma palibe amawatchula choncho. Anachoka ku Rumphi ali mtsikana, kutsatira amuna awo, a Laws, amene ankasoka nsapato mumsika wa ku Area 36.

A Laws atadwala, aNyaMsiska anakhalitsa nawo kuchipatala ngati gadiyani. Magadiyani akatopa ndi kudikira ankatola machubu a diripi otha ntchito n'kumaluka tinsomba, timaluwa ndi zomangira makiyi. Iwonso anaphunzira pomwepo. A Laws sanachire, koma lusolo anabwerera nalo kunyumba.

Sankagulitsa. Ankangogawira ana a mumzere mwathu. Machubu ankawabweretsera mnzawo wina wosesa pachipatala, ndipo ankanyadira kuti satenga a magazi, koma a madzi okha, n'kuwatsuka ndi sopo mpaka mbee.

Mwana wanga woyamba, Pemphani, atayamba kumera mano ankalira osatonthola. Amayi anga ali kutali ku Dedza, choncho wondithandiza anali aNyaMsiska.

"Make Pemphani, bwana wakoyu dzulo waluma silipasi yanga," anatero tsiku lina akuseka. "Tamupatsa ichi asanandimalize zala."

Kanali kansomba kofewa, kowala ngati galasi. Pemphani anakaika m'kamwa, nthawi yomweyo zii.

ANyaMsiska ndi munthu waukhondo mopitirira. M'mawa uliwonse ankabwera kudzatenga kansombako n'kukakaphika m'madzi obwadamuka kuti majeremusi afe. Patapita nthawi kanayamba kuuma ndi kuchita chikasu. Iwo anati kangofuna mafuta, n'kumakapaka mafuta ophikira kuti kafewe. Ine ndinkaona zonsezi ndipo mtima wanga unali m'malo. Ndinkati mwana wanga ali m'manja abwino.

Tili kusikelo, anamwino anaona kansombako kali m'kamwa mwa Pemphani.

"Mayi, ichi wakhala akutafuna kuyambira liti?"

"Chiyambireni mano. Koma timaphika tsiku lililonse, asisitala."

Anapuma mozama. Sanandikalipire. Anati machubu ambiri otere amakhala ndi mankhwala ofewetsa pulasitiki, ndipo mankhwalawo amatuluka pang'onopang'ono, makamaka chubu chikatenthedwa kapena chikakhudzana ndi mafuta. Kuuma kuja ndi chizindikiro chakuti ena atuluka kale. Anatinso akachuluka m'thupi la khanda angathe kusokoneza kakulidwe, makamaka ziwalo zoberekera za ana aamuna. Ndipo chinthu chogwiritsidwa kale ntchito pa wodwala si choika m'kamwa mwa mwana, chitsukidwe bwanji.

"Ndiye mwana wanga waonongeka?"

"Sindinatero. Akuoneka bwino, sikelo yake ili bwino. Mungosiya basi, ndipo muzibwera naye."

Mu minibasi ndinkangomuyang'ana ali mtulo pachifuwa panga. Ndinaphunzira sayansi mpaka Fomu 3, koma za pulasitiki kutulutsa zinthu sindinazimvepo.

Ndinawapeza aNyaMsiska pakhonde akuluka duwa. Ndinawafotokozera monga ndinamvera. Anaika duwalo pansi.

"Kuphika kuja?" anafunsa.

"Eya, Amama."

"Ndi mafuta aja?"

Ndinangogwedeza mutu.

Madzulo ake anamanga chitenje n'kuyenda khomo ndi khomo mumzere wonse atanyamula jumbo. Ana ena anakana kubweza tinsomba tawo, iwo n'kuwagulira zigege kuti alole. Mayi wina anawaseka: "Agogo, enafe tinakula tikumwa madzi a m'zigubu za mafuta a galimoto, tafa?" ANyaMsiska anangotambasula dzanja.

Kuyambira pamenepo samunyamulanso Pemphani. Akakwawira kwa iwo amamuwombera m'manja ali chapatali, n'kundiitana kuti ndidzamutenge. Ndawauza kangapo kuti sindinawakwiyire. Amavomera ndi mutu wokha.

Ine ndikamamusambitsa ndimamuyang'anitsitsa thupi lonse, ngakhale sindidziwa chimene ndikufufuza. Amamenya madzi, amaseka, mano ake oyera bwino.

Dzulo ndikuyanika matewera aNyaMsiska anabwera n'kuima pafupi ndi chingwe.

"Make Pemphani, anamwino aja anati tidzadziwa liti?"

"Anati mwina palibe chidzaoneke, Amama. Ngati chilipo, mwina akadzakula."

Anamuyang'ana Pemphani ali pamphasa akulimbana ndi supuni.

"Akadzakula," anatero chapansipansi. "Ndiye kuti ine ndidzapita osadziwa."