Funso Lomwe Silinalowe M'kaseti

Mpingo wathu unayambira pansi pa mtengo wa mango ku Nkhulambe, zaka zija zipani zitangochuluka, pamene aliyense wokhala ndi pakamwa anayamba kuyankhula. Amene anauyambitsa tinkangowatchula kuti Atate. Sankalalikira ngati abusa ena. Ankakhala pampando, anthu n'kumawafunsa, iwo n'kumayankha, apa Chichewa, apa Chilomwe.

Akuluakulu a mpingo anagula wailesi ya kaseti kuti mawuwo asatayike. Koma mabatire anali odula, ndiye panali lamulo: Atate akayamba kuyankhula, tsegulani, munthu wamba akatsegula pakamwa, zimitsani. Tonse tinkati n'zanzeru. Batire n'kuthera pa mawu a mayi wakumudzi?

Atate atamwalira, makasetiwo anali atadzaza katoni. Anawapereka kwa aphunzitsi ena a mumpingo mwathu, munthu wofatsa wochokera kuchigawo chapakati, kuti alembe zonse. Ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse. Anasanja mawuwo m'mitu, za ukwati pazokha, za maliro pazokha, za kumunda pazokha, ndipo chiganizo chilichonse anachipatsa nambala ngati vesi. Kabukuko anakasindikiza ku Blantyre, kanatipeza pa njinga kudzera pa Fort Lister, ndipo tinakalandira ndi nthungululu. Inenso ndinavina, mwana ali kumbuyo.

Vuto linayamba tsiku lomwe anawerenga mutu wa za kumunda: "Nandolo musadzale ayi. Mudzangolira naye." Ndinatembenuka kuyang'ana amayi, iwonso akundiyang'ana. Mawuwo tinkawadziwa. Chaka chomwe bambo anga anamwalira, amayi anafunsa Atate ngati angadzale nandolo m'kamunda kathu ka kudambo, komwe madzi amadikha. Ndinali nditakhala pambali pawo. Atate ankanena za kamunda kameneko basi.

Tsono kwathu kuno nandolo si ndiwo chabe. Ndiye sopo, ndiye mchere, ndiye yunifomu ya ana. Koma akuluakulu anagamula kuti wopezeka naye m'munda achoke mumpingo, ndipo pamaliro pake mpingo sudzaimba. Amayi anali ndi nandolo munda wonse wa kumtunda, atayamba kale maluwa.

Tinapita limodzi kwa akuluakuluwo.

"Abambo, amene ndinafunsa funsolo ndine," anatero amayi atagwada. "Ndimafunsa za kudambo."

"Amayi, m'bukumu dambo mulibe," anayankha mkulu wa mpingo.

"Ndiye tsegulani kaseti timve."

Anaifuna, anaipeza, anaitsegula. Kunamveka nkhuku, kenako thapu! pomwe anazimitsira wailesi, kenako mawu a Atate: "Nandolo musadzale ayi." Amayi anapempha kuti aibweze. Anaibweza. Thapu yemweyo. Amayi anayandikitsa khutu ngati kuti mwina mawu awo abisala m'katimo.

Aphunzitsi aja anati, motsitsa mawu, mwina pofunika kuwonjezera kamzere kofotokoza. Mkulu wa mpingo anapukusa mutu. Anati tikakhudza vesi limodzi, mawa wina abwera kudzati la mowa linali la amalume ake okha, ndipo buku lonse litha. Sankanena mwankhanza. Nayenso nandolo wake anali atazula kale, ndipo zinkamupweteka.

Masiku otsatirawo sindinakhazikike. Khasu ndinkaligwira n'kulisiya. Ndinayenda khomo ndi khomo mpaka kumunsi kwa Michesi, kufuna onse amene analipo tsiku lija. Ambiri ankakumbukira bwinobwino. Wina mpaka anandiuza mtundu wa nsalu yomwe amayi anavala. Koma ndikati tiyeni mukanene, ankayang'ana pansi n'kuyamba kundifunsa za mwana. Ndinkabwerera ndili ndi ukali, n'kumauza amayi kuti mipingo ndi yambiri masiku ano, tingochoka. Iwo ankangoti, "Ine ndinabatizidwa ndi manja a Atate."

M'mawa wina ndinadzuka amayi mulibe m'nyumba. Ndinathamangira kumtunda. Ndinawapeza atamanga nsalu m'chiuno, akuzula. Nandolo wamkulu sazulika wamba, ndiye ankamugwira ndi manja onse awiri, kumugwedeza, kuponda pansi, mpaka atuluke. Maluwa achikasu anali mbwee pansi.

"Amayi, mukudziwa kuti bukulo lalakwa!" ndinakuwa, misozi ikutsika. "Mukudziwa kuposa munthu aliyense!"

"Ndikudziwa," anatero, osandiyang'ana.

"Nanga mukuzuliranji?"

Anaweramuka pang'onopang'ono, atagwira msana.

"Mwanawe, nandoloyu adzandiimbira ndikadzafa?"

Ndinakhazika mwana pamthunzi, n'kuyamba mzere wotsatira, chifukwa msana wawo sukanatha munda wonsewo.