Timu Yathu Yosagonja

Akochi a timu ya mpira pakoleji pomwe ndinali mlembi anapuma ntchito chaka chatha. Pakhadi loitanira anthu kumwambo wotsanzikana nawo panalembedwa kuti m'zaka zawo zonse timu sinagonjepo. Khadilo ndili nalo. Ndili nawonso makope a makalata osonyeza mmene kusagonjako kunkachitikira.

Njira yawo inali imodzi. Tikachinyidwa ziwiri nthawi ikutha, ankayendayenda m'mbali mwa bwalo kusaka chifukwa: penate yabodza, mpira wophwa, mbuzi yadutsa pagolo. Akachipeza ankavula chipewa n'kukuwa mosakaniza ndi chiyankhulo chakwawo kumpoto, "Anyamata, tiyeni! Mbwenu basi, zatha izi!" Timu inkakwera lole wezulo yomaliza isanalire. Kwa iwo, mpira wosatha ulibe wogonja. Tsiku lina pabwalo la pa Boma anatulutsa timu chifukwa akabaza oonerera ankaliza mabelu a njinga.

Lolemba m'mawa ankafika mu ofesi mwanga manja ali m'thumba. "Alembi, tayipani dandaulo. Chizungu chanu chija chimaluma chomene." Ine, kupusa kwanga, ndinkakomedwa. Ndinkatayipa ndi kaboni, kope loyamba kwa oyendetsa ligi, lachiwiri m'fayilo. Mayankho onena kuti mapointi apita kwa anzathu ankafikira kwa ine. Akochi sankawawerenga, ati magalasi aiwala kunyumba.

Kutatsala masiku awiri kuti mwambo uchitike, anandipeza pamsika ndikusankha tomato.

"Adada, wolankhula ndinu. Mukauze anthu kuti sitinagonjepo."

"Ndikanena zomwe zili m'fayilo," ndinatero. "Mayankho a ligi ndikawerenga onse."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Yewo, kawerengeni. Koma muyambe mwayang'ana m'munsi mwa madandaulo aja, muone anasayina ndani."

Ndinakayang'anadi. Kalata iliyonse yonena kuti oyimbira mpira analedzera, kapena kuti mbuzi inatchinga goloboyi wathu, ili ndi dzanja langa ndi chidindo cha ofesi yanga. Dzina lawo mulibe ngakhale pamodzi. Munthu uja zaka zonsezi sanagwirepo cholembera! Ndikanawerenga pagulu, wabodza ndikanakhala ine, mkulu wa mpingo, pamaso pa abusa ndi apongozi anga amene anachita kubwera kuchokera ku Embangweni.

Patsikulo ndinavala jekete, fayilo n'kuisiya kunyumba. Ndinaimirira ndipo ndinanena ndi pakamwa pangapa kuti timu yathu sinagonjepo. Azimayi anaimba nthungululu. Akochi analandira bulangeti ndi wailesi, ine chakumwa chofunda.

Ndikukhala pansi, anandikoka mkono n'kundinong'oneza, "Alembi, mwalankhula bwino. Zimenezi mutayipe, musayine, ndikapachike pabalaza."

Mpaka lero sindinatayipe. Koma tomato ndimatuma akazi anga, chifukwa akochi tsopano amaswera pamsika pomwepo, ndipo akandiona amakuwa anthu onse akumva, "Mboni yanga iyo!"