Nambala ya Malemu Ikuyankhidwa ku Lione

Chinthu chimene chinandiopsa kwambiri mu umasiye wanga chinandipeza m'tchalitchi. Tinali kuyimba nyimbo imene amuna anga ankaikonda, ndipo ndinatchera khutu mumtima kuti ndiwamve monga ndinkachitira Lamulungu lililonse. Kunali zii. Nkhope yawo ndinkaiona, jekete lawo la m'nyengo yozizira ndinkaliona, koma mawu anali atachoka. Ndinayesa kukumbukira mmene ankaitanira pakhomo akamachokera kumunda ku Chimbonila, koma mawu amene anabwera anali a alamu anga. Ndinakhala pansi nyimbo isanathe, amayi a pambali panga nkumayesa ndagwidwa chizungulire.

Amuna anga ankakonda kujambula ndi foni. Ankajambula mbatatesi zikamachita maluwa, nkhungu ikamatsika m'mitengo ya paini, kwaya ikamaphunzira nyimbo. Ankanena kuti zonsezo zimakwera zokha kukasungidwa m'nkhokwe ya pa intaneti, ya kampani ina yakunja.

"Makampaniwa akulimbana, amake mwana," ankatero akuseka. "Uyu akapereka malo aulere, mnzake apereka oposa. Ife amphawi tizingotola."

Senya, mawu achinsinsi olowera m'nkhokwemo, anandiuza, ndipo sindinaiwale. Atamwalira, pogawa katundu foni inapita kwa mphwawo, amene anafufuta zonse nkuikamo zake. Ine ndinali nditachotsamo kartawu, kakhadi ka nambala yawo. Ndinakakulunga m'kansalu koyera nkukaika m'kachitini pamodzi ndi mphete yawo. Foni yanga inali ya netiweki ina, imene inkapereka mamega ambiri, choncho panalibe chondichititsa kukagwiritsa ntchito. Komanso mtima sukanalola kuti nambala ya malemu ndiziyimbira ogulitsa makala. Ndinkati ndikuwalemekeza.

Lolemba lake, nditaweruka ku sekretariya ya sukulu kumene ndimagwira ntchito, ndinapita kumsika kwa bambo wina wokonza mafoni. Analemba senya ija pa foni yanga, ndipo inalola. Kenaka anati kampaniyo ikufuna kodigu, manambala amene yatumiza ku nambala ya mwini nkhokwe. Ndinamasula kansalu kaja monyadira. Anaika kartawu m'foni, nadikira, nakachotsa, nakapukuta pamalaya, nakabwezeramo.

"Amayi, kameneka mwakasunga kuyambira liti?"

"Kuyambira pamaliro."

"Iii! Kartawu si mbewu ya chimanga. Mukakhalitsa osaikamo kiredito, ndalama zoimbira, eni ake amatenga nambala nkugulitsa kwa wina. Ndipo musachedwe. A nkhokwewa nthawi imene ankasaka anthu ankagawa malo ngati maswiti. Tsopano anthu achuluka, akusesa onse amene sakulowamo."

"Akusesa liti?"

"Ndani akudziwa? Mwina asesa kale."

Pobwerera kwathu ku Chiuaula ndinakumbukira wantchito uja wa m'Malemba, amene anakwirira pansi chimene mbuye wake anamupatsa, nkumayesa wachita bwino. Kuyambira ndili mtsikana ndinkamva nkhani imeneyi ngati ya anthu ena, aulesi. Sindinkadziwa kuti munthu angakwirire chinthu chifukwa chochikonda.

Ku loja, sitolo ya kampani ya netiweki, mtsikana wa pakauntala anandimvera mwaulemu. Anati nambalayo ili ndi mwini wake tsopano, ndipo dzina lake sangandiuze. Za nkhokwe anati si zawo, ndi za kampani ina, ndipo sagwirizana nkomwe. Ndinafunsa kumene kuli ofesi ya kampaniyo. Anati mu Lichinga mulibe, mwina ngakhale ku Maputo kulibe. Wamasiye uja wa m'Malemba amene anavutitsa woweruza mpaka kumuchitira chilungamo anali ndi mwayi, pakuti woweruzayo anali ndi chitseko. Ine ndinali ndi mlandu ndi anthu opanda chitseko, opanda nkhope, amene sadziwa kuti padziko pali bairu lotchedwa Chiuaula.

Chotsala chinali kuyimba nambala ija. Ndinagwada kaye m'chipinda. Zala zanga zinkaidziwa nambalayo kuposa mutu. Inaitana, ndipo thupi langa lopusali linayembekezera kuti ayankha ndi iwo.

"Salamu alaikumu," anatero mwamuna wina wa mawu okhuthala, Chinyanja chake chopendekera ku Chiyao.

Ndinafotokoza zonse mofulumira, mawu akugundana. Ndinati pabwera uthenga wa manambala pa foni yawo, ndikupempha angondiwerengera.

"Kodigu?" anatero. "Walahi, akuba inu mulibe manyazi. Tsopano mwayamba kutuma azimayi olira?" Nadula.

Sindikanawaimba mlandu. Ku mpingo kwathu komwe timachenjezana kuti wina akayimba kufuna kodigu, ameneyo ndi mbala, akufuna kukokolola ndalama za m'foni. Chilichonse chimene ndikananena, wakuba akanachinenanso, mwina mokoma kuposa ine. Ndinayimbabe, mmawa ndisanapite kuntchito ndi masana popuma. Nthawi zina ankangodula. Tsiku lina anandiuza kuti ndikaope Mulungu. Ndinalemba uthenga wautali, sunayankhidwe.

Masiku amenewo ndinkapemphera mapemphero osaoneka bwino. Ndinkati, Ambuye, munthuyo munatenga, sindinakutsutseni. Pamaliro ndinayimba nawo. Koma mawu okhawa, kanthu kakang'ono ngati nyenyeswa ya pansi pa tebulo, nakonso mukufuna? Ndikatsegula Malemba maso ankangoyenda pamwamba. Mmawa uliwonse ndinkadzuka ndi chithunzi cha munthu wosadziwika kutsidya la nyanja, tsache lili m'manja, akuyandikira pakona pamene pali amuna anga.

Loweruka lina ndikuchapa, foni inalira. Inali nambala ya malemu. Ndinayankha manja ali thovu.

"Ndiwe ndani iwe wosagonetsa mwamuna wanga?" Anali mawu a mzimayi, akuthwa ngati mpeni. "Mmawa iwe, masana iwe. Amuna atha ku Lichinga?"

"Amayi, wanga anatha. Nambala imeneyo inali yake."

"Nkhani imeneyo ndaimva. Akuti ndiwe wakuba. Ine ndikuti ndiwe chibwenzi. Tsono sankha wekha."

Ndinaseka, koyamba m'masiku ambiri, ndipo kusekako kunasanduka kulira. Iwo sanadule.

"Wakuba saonetsa nkhope," anatero pomaliza. "Chibwenzi sichibwera kwa mkazi wa mwini. Ngati suli chimodzi mwa ziwirizi, kwera chapa ubwere ku Lione. Ukafunse mzimayi wogulitsa nyemba pafupi ndi chigayo."

Ndinasiya zochapa m'beseni. M'chapa, minibasi ya ku Lione, tinapanikizana ndi matumba a feteleza, ine kachitini kali pachifuwa. Njira yonse ndinkangoti, Ambuye, gwirani dzanja la wosesa uja, ligwireni mpaka ndifike.

Ndinawapeza atakhala pamkeka, mzimayi wamfupi wofunda mpango wobiriwira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Ee, chibwenzi sichingakhale ichi," anatero. Azimayi anzawo anafa nacho chiseko. Ndinawaonetsa mphete, kartawu kakufa kaja, ndi chithunzi cha ukwati wathu. Anagwira mpheteyo nthawi yaitali. Kenaka anatuma uthenga kumunda kuti bambo abwere.

Bambowo anafika khasu lili paphewa, nkhope ili gwa.

"Ameneyu ndiye wakuba wanu uja," anatero akazi awo. "Mpatseni manambala ake azipita, tipume."

"Ndalama zanga zikasowa m'fonimu?"

"Zingati zilimo? Zogulira mchere? Zikasowa ndimugwira ndine, ndamuona nkhope."

Pamsikapo netiweki inali yofooka, choncho tinakwera kachitunda kuseri kwa chigayo, atatu tonse. Ndinalemba senya, ndinalakwitsa, ndinayambiranso. Tinadikira. Foni ya bambowo inali duu. Mphepo ya kumapiri inkandilowa m'mafupa, koma thukuta linkatsika kumsana. Mumtima ndinati basi, asesa. Kenaka inalira. Anawerenga manambala aja m'Chipwitikizi, imodziimodzi, monyinyirika, ngati akuzula mano awo.

Nkhokwe inatseguka. Zinalimo.

Zithunzi zinali zambirimbiri, mbatatesi zokhazokha, mizere ya nyemba, mbuzi ya aneba. Ine ndinkafuna mawu. Ndinatsegula za kwaya, koma iwo ndiwo ankagwira foni, ndipo oyimba anali ena. China chinali mvula padenga. China chinali ulaliki wa abusa. Mamega anga ankatha, ndipo chilichonse chinkatenga nthawi kuti chitseguke. Ndinayamba kuona kuti munthu wojambula sadzijambula yekha. Anasunga dziko lonse la Chimbonila, iwo eni osadzisungamo.

"Yesa icho chaching'onocho," anatero amayi aja, chibwano chili paphewa langa.

Chinali kanema wa khomo lathu. Ndinadziona ndekha chakumbuyo, nditawerama, ndikutsuka mbale, ndikuyimba nyimbo ija ya ku tchalitchi osadziwa kuti akundijambula. Chithunzi chinkagwedezeka chifukwa wojambulayo ankadziletsa kuseka. Ndiye kufupi kwenikweni, pakhutu panga penipeni, mawu anati:

"Amake mwana, mwakwezatu kwambiri pamenepo. Angelo athawa."

Kanemayo anathera pomwepo.

Mawu awo anali opyapyala, okwera pang'ono, a m'mphuno. Ine m'kuiwala kwanga ndinali nditawapatsa mawu aakulu ngati a mlaliki. Koma anali iwo. Ndinakhala pansi m'fumbi la pachitundapo. Ndinabwereza, ndinabwerezanso. Bambo aja anatembenuka nkumayang'ana kumunda kwawo. Akazi awo anakhala pansi pambali panga, nandifunditsa nsonga ya chitenje chawo.

"Analitu wachipongwe mwamuna wakoyu," anatero.

"Kwambiri."

"Onse ndi amodzi. Tsono chotsa nambala yathu mmenemo, uikemo yako, usadzativutitsenso."

Ndinayesa, koma mamega anathera panjira, ndipo dzuwa linali litapendeka, chapa chomaliza chikuitana anthu. Kanema yekhayo ndiye anali atatsikira m'foni yanga. Bambowo anakanda pakhosi, osandiyang'ana, nati ndikadzafuna kodigu ina ndidzayimbe, koma osati nthawi ya swala, mapemphero awo.

Nambala ndinasintha patapita masiku, mothandizidwa ndi wokonza mafoni uja, ndipo bambo a ku Lione anawerenganso manambala awo monyinyirika momwemo. Kanemayo tsopano ali m'foni, ali pa kakhadi kosungira zinthu, alinso kwa mwana wanga ku Nampula. Makampani aja sindiwakhulupirira, kachitini kanganso sindikakhulupirira. Kanemayo ndimamutsegula kawirikawiri, ngakhale ndilibe chifukwa, pakuti ndaona chimene chimachitikira chinthu chongosungidwa.

Mantha sanathe onse. Ndi mawu ochepa kwambiri, ndipo masiku ena ndimaopa kuti ndikawamvetsera mopitirira adzasanduka phokoso wamba. Mmene ankapempherera, mmene ankaitanira pakhomo, zimenezo zinapita, ndidzazimva tsiku limene Ambuye adzatidzutse. Koma Lamulungu tikafika pamzere uja wa nyimbo, pamene mawu amakwera, ndimawamva akundidzudzula pakhutu, ndipo ndimakweza dala.