Chala pa Mbereko

Mwana wanga woyamba anali asanamere mano pamene bambo ake ananena kuti akupita ku Joni. Ankafuna kupita selefu, ndiye kuti kuyenda paokha, osalembedwa ndi aliyense. Ku Biriwiri kwathu tinkawadziwa amuna a selefu: ambiri ankasanduka matchona, akazi awo n'kumakalamba akukumba okha mbatata m'mapiri.

Ine ndinali ndi satifiketi yauphunzitsi ya ku mishoni, ndipo ndinkadziwa kanthu kamodzi. Munthu wolembedwa pa kontalakiti n'kudinda chala, nthawi yake ikatha, amamukweza lole n'kumubweza kwawo, afune asafune.

Apongozi aamuna anakana. "Kontalakiti n'chibalo, mayi. Mukufuna mwana wanga agulitse chala chake?"

"Chala chokha, bambo," ndinayankha nditagwada. "Thupi lonselo libwerere kwa ine."

"Kodi pangano la kutchalitchi silikukwanirani? Ankhoswe analipo."

Apa ndivomere, ndinachimwa m'maganizo. Ankhoswe athu anali abwino, koma analibe lole. Ndipo sindinamvepo kuti mwamuna woswa pangano laukwati wagwidwa ndi apolisi.

Ndinawavutitsa bambo a mwana mpaka tinatsikira ku boma, mwana ali kumsana. Kalaliki anawerenga pepala mothamanga ngati akuthawa mvula. Ndinamuimitsa.

"Pepani achimwene, mawu akuti kumangidwa ndi panganowo, akumangidwa ndani?"

"Onse awiri. Iwo agwire ntchito, kampani iwalipire ndi kuwabweza."

"Akathawa?"

"Aswa pangano. Ndende."

"Akapeza mkazi kumeneko?"

Kalaliki anayang'ana amuna anga. "Zimenezo mulibe m'pepala, mayi."

"Mwaiwala zofunika," ndinatero.

Ndinapempha kukhala mboni, popeza ndinkatha kusaina ndi cholembera. Kalaliki anati mboni ndi mesenjala wa boma, mkazi wa munthu sawerengedwa. Mesenjalayo anali akusinza pakhomo.

Bambo a mwana anaviika chala mu inki n'kudinda. Atasowa popukutira, anagwira mbereko imene ndinaberekera mwana, n'kusiyapo chala chathunthu, mizere yake yonse kuoneka. Pepala linatsala kwa kalaliki, ine ndinapita ndi changa cha pa mbereko. Mberekoyo sindinaichape mbali imeneyo. Inanunkha, apongozi aakazi anadandaula, koma ndinati pangano salichapa.

Ndinaopa nthawi yonseyo. Ndikamva kuti mgodi wagumuka kwinakwake, ndinkakumbuka kuti ndine ndinawakankhira kumeneko, ndipo chakudya chinkandikana.

Kontalakiti itatha, lole inawabweza bambo a mwana, ataonda, atanyamula bulangeti ndi chipewa chachikulu kuposa mutu. Mwana anawathawa, nabisala kumbuyo kwanga.

Madzulo ake anandiuza mosabisa: "Anzanga a selefu akudya bwino kumeneko. Ine yandibweza ndi kontalakiti, amayi a mwana, osati inu."

"Ndikudziwa," ndinayankha. "Ndani anakuuzani kuti ndinkadalira inu?"

M'mawa mwake ndinachapa mbereko.