Jonasi Anachira Mochedwa

Jonasi anali mkamwini kwathu kwa Malemia, wochokera ku Naisi. Zaka zisanu ndi zinayi analima mpunga m'dambo la apongozi ake, mayi Chisangalalo, mpaka nyumba yawo inafoleredwa ndi malata. Masiku amenewo ankamutcha “mwana wanga”.

Mu 1996, mvula itangoyamba, Jonasi anangozima. Thupi silinatenthe, analibe bala paliponse. Ankakhala pakhonde tsiku lonse, maso ali pansi, chakudya n'kumauma m'mbale. Kamwana kake Tisungeni kakamukwera pamsana, iye sankatembenuka n'komwe.

Mkazi wake Christobel anamutengera kuchipatala ku Zomba. Ine, poti nyumba zathu n'zoyandikana, ndinawaperekeza. Dokotala anafotokoza bwinobwino: “Si ulesi uwu. Mu ubongo muli timitsempha totumizirana mauthenga. Mwa bambowa mauthenga sakuyenda bwino, n'chifukwa chake tulo, njala ndi chimwemwe zathawa limodzi. Mapiritsi awa amagwira pang'onopang'ono. Dikirani masabata anayi kapena asanu.”

Titafika kumudzi, mayi Chisangalalo anaseka mpaka kugwira nthiti. “Masabata asanu? Iii! Fansida amachotsa malungo masiku atatu basi. Timupatse masiku atatu, tione ngati alidi mankhwala.”

Mayi amene sanaonepo ngakhale ubongo wa mbuzi anasanduka dokotala. Tsiku lachinayi Jonasi anali pakhonde pomwe paja. Achimwene ake a Christobel anamumangira zovala m'chitenje, n'kumukweza panjinga ngati thumba la madeya, kukamutula ku Naisi. Mkamwini wosalima alibe malo pamudzi, anatero. Jonasi analibe mphamvu ngakhale yolira.

Mlongo wake ndi amene ankamumwetsa mapiritsi aja tsiku ndi tsiku. Mwezi wa Meyi, mpunga utacha, Jonasi anatulukira akuyenda ngati kale, tsitsi atameta, kadiresi ka Tisungeni kali m'manja.

“Amayi, ndachira. Ndabwera kwa mkazi wanga ndi mwana wanga.”

Mayi Chisangalalo anaitana mudzi wonse. “Anthuni, mwaona? Kuwokera kwatha, kupalira kwatha, wachira! Kodi sindinanene kuti akunama?”

Anthu anaseka. Christobel anali atamva mawu a dokotala aja ndi makutu ake, koma anangokokera Tisungeni m'nyumba n'kutseka chitseko. Inenso ndinawamva mawuwo, koma ndinayang'ana pansi, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Jonasi anapinda kadiresi kaja bwinobwino, anakasiya pakhonde, n'kubwerera ku Naisi wapansi. Sanaloledwenso kuponda pabwalo limenelo.